Gogo Della ndi Mfuti ya a Mpatula

Pa 6 Julayi 2024, pa chionetsero cha Amalawi mu holo ina ku Highfields mu mzinda wa Leicester, a Willie Mpatula anawalanda dzina dzuwa likuswa mtengo. Mfuti imene anaipanga ndi manja awo anaipeza pakhoma, pansi pake pali kachikwangwani konena kuti anaipanga ndi Gogo Della.

Kwawo ku Dedza a Mpatula anali mphunzitsi wa mbiri yakale. Kuno ku Leicester anafikira kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba mpaka msana unakana. Atapuma ntchito analowa m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Wigston, nayamba kupanga mfuti zachikale, zija zothethetsa moto ndi mwala. Chitsulo amapala ndi tupa, thabwa amalisema ndi kulipaka mafuta mpaka liwale. Mfuti zawo sizilira, poti mpope sauboola mpaka kumapeto, dala. Koma ukakoka, mwala umamenya chitsulo moto n'kuthetheka, monga inkachitira ya agogo awo yothamangitsira nguluwe kumunda.

Wolemba zikwangwani anali Christabel, mtsikana wobadwira konkuno. Anawaimbira foni kufunsa choti alembe. "Ulembe kuti gogodela," anatero a Mpatula, kumuuza dzina la mtundu wa mfutiyo. Mwanayo Chichewa amachimva chapamwamba. Iye anamva dzina la agogo ena aakazi.

Ameneyo a Mpatula alibe naye chifukwa. Mlandu uli ndi wapampando wa komiti ya chionetserocho, a Jeremy Kaliwo, munthu wokulira ku Ntcheu, woidziwa gogodela.

"A Kaliwo, mwaona zimene mwalembazi?" anafunsa a Mpatula tsikulo.

A Kaliwo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Aaa, madala, musiyeni Gogo Della atchukeko! Azungu amukondatu, akumangomujambula. Tidzachenja sabata yamawa."

"Ine ndathera zala pa tupa kuti mundiveke chitenje?"

"Komatu chikukukhalani bwino!"

Sabata yamawayo sinafike. Chithunzi chinayenda m'mafoni, ndipo lero kutchalitchi ana akamadutsa amati, "Muli bwanji, Gogo Della?" makolo awo n'kumabisa nkhope m'manja. Mfuti ikadali pakhoma. Akazi awo a Mpatula akuti angokaitenga nkhani ithe, iwo akana: wochoka mwakachetechete ndi wakuba, osati mwini wake.

Kupepesa sakukufuna. Komiti iyankhe poyera, anthu akumva: pansi pa gogodela ija mulembapo liti dzina la a Willie Mpatula?