Madzi Osowa M'galimoto ya Malemu

Amuna anga atamwalira anandisiyira nyumba ku Area 25, ana anayi akuluakulu, ndi galimoto. Galimotoyo ndi yakale kuposa mwana wanga woyamba, ya mpando umodzi wautali kutsogolo. Malemu anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira, akukalipa m'Chitumbuka mpaka mawu kusasa. Ndimapita nayo kutchalitchi Lamulungu ndi kumsonkhano wa amayi Lachinayi. Kiyi ndimamanga pansonga ya chitenje, ndipo sindibwereka munthu.

Chaka chatha, mvula itangoleka, madzi anayamba kusowa m'ladiyeta. Ndikadzaza Lolemba, pofika Lachinayi atsika. Ndinayala masaka pansi pake kuti ndione podontha, koma m'mawa masaka anali ouma gwa. Madzi osadontha pansi angapite kuti? Mtima wanga unathamangira kwa anthu. Ndinawaza phulusa kuzungulira galimoto kuti ndigwire mapazi, ndinangopeza a mphaka. Komabe ndinali naye munthu m'maganizo: mkamwini wanga, amene ankakonda kunena kuti galimotoyi yatopa, igulitsidwe.

Tsiku lina inatentha pamsewu wa Kanengo, nthunzi kuti fuu, makondakitala a minibasi akundikuwiza. Ana anakhala pansi Loweruka lomwelo. Mwana wanga wamkazi analira. "Amama, mudzapsera momwemo." Tinagwirizana kuti makaniko mmodzi aione. Akapeza kuti injini yang'aluka, galimoto ipite kwa ogula zitsulo zakutha. Makanikoyo anamusankha ndi mkamwini yemweyo, ndiye mumtima ndinati apangana kale.

Anali bambo wa ku Mangochi, wa ndevu zaimvi ndi kachipewa koyera, wogwirira ntchito pansi pa malata ku Biwi. Ndinafika ndi mpando wanga ndi kabotolo ka utoto wofiira wa zikhadabo. Ndinamva kale kuti kumagalaja amachotsa chitsulo chabwino n'kukuikira chakutha, choncho ndinadontheza kadontho pa chilichonse chimene dzanja langa linafika: batire, kabuleta, mapaipi, ngakhale chivindikiro cha oyilo.

"Amayi, mwabwera ndi mpando? Mwasamukira konkuno?"

"Ndikufuna ndione ndi maso anga, Abambo."

"Onani ndithu. Koma mwaiwala kupaka ineyo. Ndikapita kumzikiti kukaswali angakubweretsereni wina."

Sindinaseke.

Sanathamangire sipanala. Anailiza galimoto n'kuima kumbuyo, chikhatho pa ekizozi, kenako anandiitana kuti ndinunkhize. Utsi unali woyera, wonyowa. Anayang'ana oyilo pakamtengo kake, wakuda bwinobwino, wosasanduka ngati tiyi wamkaka. Anasuzumira m'ladiyeta injini ikulira, thovu panalibe. Atatero anamasula mapulagi anayi n'kuwandandalika pansanza. Awiri anali ndi mwaye, awiri oyera ngati otsukidwa.

"Wawatsuka ndani awa?" anandifunsa.

"Ndikufunsa inuyo."

"Madzi anu aja. Sakugwa pansi chifukwa injini ikuwamwa n'kuwatulutsira kumbuyo."

Ndinaganiza kuti mawu otsatira ndi akuti yang'aluka. Koma iwo anachotsa kabuleta, n'kundionetsa chitsulo cha nthambi zinayi chimene kabuleta imakhalapo. Anati ndi manifolodi, imagawira injini mpweya ndi petulo, ndipo kunsi kwake kumadutsa madzi otentha. Anapopa mpweya m'ladiyeta ndi kapampu, n'kundipatsa tochi. Ndinasuzumira pakamwa pa chitsulocho. Pansi pake panatuluka kadontho, kenako kena, ngati thukuta pamphuno ya mwana.

"Injini ilibe mlandu, Amayi. Chabooka ndi ichi."

Kupeza manifolodi ina kunatitengera masiku atatu. Galimoto zamtunduwu zinatha pamsewu, zotsala zili m'milu ya zitsulo. Tinayenda wapansi Biwi yonse mpaka Kawale, iwo patsogolo ndi gasiketi yakale, kachikopa ka mabowo kokhala pakati pa manifolodi ndi injini, m'thumba, ine pambuyo ndi ambulera. Yoyamba inali yatsopano, yonyezimira, ya m'bokosi. Anaikapo gasiketi ija, mabowo awiri sanalingane. Wogulitsa anati, "Agogo, tingopalapo pang'ono, zitheka." Abambo aja anangoibweza m'bokosi. Yachiwiri inali yakale koma yopakidwa penti wa siliva. Imeneyo ndinaikana ndekha. Ndinaigogoda ndi kiyi monga ndimachitira pogula mbiya, inalira mogonthera. Abambo aja atakanda ndi mpeni anapeza phala lomata pansi pa pentiyo.

"Amayi, mubwere ndizikulembani ganyu," anatero.

Yachitatu tinaifukula pansi pa zitseko za malole, yakuda bii, mavu atamangamo nyumba. Ine ndinaipsera mtima poiona. Iwo anaitsuka ndi parafini, n'kuigoneka pagalasi la windo kuti aone ngati siyopindika. Inakhala phwatalala, osagwedera. Anatseka bowo limodzi ndi chitsononkho, n'kupopa madzi mbali inayo. Tinadikira padzuwa ola lathunthu. Sinatuluke thukuta.

Tsiku lomanga, anzawo a pagalajapo atapita kukadya, ananditengera yakale ija n'kundionetsa mkati. Munali modyekadyeka ngati nyemba zofumbwa, muli zoyerayera ngati mchere.

"Mumathira madzi anji?"

"A pachitsime cha kwathu."

"Nanga obiriwira aja a m'botolo?"

Malemu ankagula amenewo. Atapita, ine ndinati ndi madzi wamba othira utoto kuti atibere, ndipo kwa zaka zonsezi ndinkatunga pachitsime. Abambo aja anandiuza motsitsa mawu kuti obiriwirawo amateteza chitsulo, pomwe a pachitsime amachidya pang'onopang'ono. Ndinayang'ana manja anga. Miyezi iwiri ndinakhala ndikumuyankha mkamwini moni ndi mphuno.

Madzulo ake mkamwini anabwera ndi mwana wanga wamwamuna, atakonzeka kumva chigamulo. Galimoto inalira kamodzi, utsi woyera unatha patapita kanthawi.

"Ndiye chinaononga n'chiyani, bwana?" anafunsa mkamwini.

Ndinagwira mpando. Akanangotchula chitsime, ana akanati mayi sangathenso kusamala galimoto, kiyi n'kundilanda pomwepo.

"Chitsulo chinadyeka, tasintha," anatero abambo aja akupukuta m'manja. "Za madzi takambirana ndi eni ake. Injini iyi itiika m'manda tonsefe. Mukaigulitsa mundiuze ineyo poyamba."

Mwana wanga anaseka, nati nkhani yogulitsa yatha. Mkamwini ananyamula mpando wanga n'kuulowetsa kumbuyo, ndiponso anathamangira kusitolo kukagula mabotolo awiri a madzi obiriwira osatumidwa.

Ndimawathokoza abambo a ku Biwi aja, ngakhale pamaso pawo ndinangoti, "Mwagwira ntchito." Pobwerera ndinayendetsa ndekha, mkamwini ali pambali panga. Titadutsa mlatho wa Lilongwe ndinamuuza za chitsime, maso anga ali pamsewu. Za kumukayikira ndinanenanso, mwachidule. Titafika pa mphambano ya ku Area 18 anati, "Amayi, sinthani giya, ikulira." Ndinasintha. Lamulungu lotsatira ndinaimika galimoto pamalo pake pansi pa mtengo wa kutchalitchi, nthawi ya kwaya isanakwane.