Ziro Wopanda Mwini

Sukulu ya amayi ena a ku tchalitchi kwathu inali nyumba wamba ku Kawale, yomwe anaigwetsa zipupa za m'kati n'kuikamo mabenchi. Iwo ndiwo anali eni ake, iwonso ndiwo ahedi, ndipo m'kwaya ankaimba alito. Atamva kuti ndimagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta m'tauni, anandiimitsa pakhomo la tchalitchi Lamulungu lina n'kundiuza kuti luso ndi la Mulungu, munthu amangosungitsidwa. Ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo Lolemba lake ndinayamba ntchito.

Ankafuna pulogalamu yowonkhetsa malikisi ndi kusanja ana kuyambira nambala wani mpaka womaliza. Kufikira nthawi imeneyo aphunzitsi ankachita zimenezi pamanja, ndipo chaka chilichonse pankapezeka kholo lobwera ndi mkwiyo ndi pensulo.

Ku Kawale tsiku lotsekera sukulu limayenda chonchi. Makolo amakhala pansi pa mtengo wa mango, ana padzuwa, ahedi amaima pakhonde n'kumawerenga mayina kuyambira amene wakhoza koposa. Nambala wani akatchulidwa, mayi ake amathamanga ndi nthungululu n'kumunyamula, ngakhale atakhala wamtali kuposa iwo. Mayina akamatsika, nthungululu nazo zimachepa. Kenaka ahedi amapuma pang'ono, n'kunena kuti, “Otsatirawa tionana nawonso m'kalasi yomweyi.” Pa dzina lililonse lotsatira ana onse amakuwa kuti wooo! Ine ndimakhulupirira za tsiku la chiweruzo, ndipo sindivutika kuliona m'maganizo, chifukwa ndinaphunzirako pulayimale.

Pulogalamu ukailemba siyamba kugwira ntchito pomwepo. Imayamba yadutsa kwa ina yotchedwa kompaila, imene imawerenga mzere uliwonse n'kuona ngati zinthu zikugwirizana mitundu: nambala ilowe pamalo a nambala, mawu pamalo a mawu. Ikapeza cholakwika siimanga kanthu, imangokulozera mzerewo. Siikwiya, siinyengereka, ndipo siidziwa kuti ndiwe mkulu wa mpingo kapena ayi.

Chaka cha 2005 chitangodutsa, chilankhulo chimene tinkalembera mapulogalamu kuntchito chinabwera ndi chinthu chatsopano chimene ine ndinkachitcha nambala ya mwina. Ukaika chizindikiro cha funso pambali pa mtundu wa nambala, ndiye kuti pamalopo pakhoza kukhala nambala, pakhozanso kukhala popanda kanthu. Ndinaigwiritsa ntchito pa malikisi, chifukwa aphunzitsi sachonga mapepala onse tsiku limodzi. Malo a phunziro amakhala opanda kanthu mpaka malikisi ake atafika.

Ndiye ndinalemba mzere wophweka kwambiri: tenga malikisi a phunziro lililonse, uwonjezere pa chiwonkhetso cha mwana. Kompaila inakana. Uthenga wake, m'Chingelezi chouma, unali wakuti singasandutse mwakachetechete nambala ya mwina kukhala nambala yotsimikizika. Njira yosandutsira ilipo, inatero, koma ndiilembe ndekha poonekera. Ndinaona kuti kumbali inayo inalibe vuto. Nambala yotsimikizika ukaiika pamalo a mwina, inkalola osafunsa. Chimene inkakana n'kutenga chinthu chimene mwina palibe n'kuchiyesa ngati chilipo.

Ndikanatha kuilumbirira kuti nambalayo ilipo. Kompaila imalandira lumbiro, koma tsiku limene pulogalamu idzapeze popanda kanthu imagwera pomwepo, ndipo kulumbira ndinakusiya kale pa zifukwa zina. Ndikanathanso kuiuza kuti popanda kanthu paziikidwa ziro. Uwu unali mzere waufupi, ndipo aliyense kuntchito akanalemba umenewu asanamalize tiyi. Ndisanalembe, ndinati ndione kaye ngati malo opanda kanthuwo alipodi.

Unali mwezi wa Novembala, mayeso atatha, malikisi onse atalowa. Pasukulu yonse malo opanda kanthu anali amodzi okha: masamu a mtsikana wina wa Sitandade 7.

Ndinapita kwa aphunzitsi a kalasiyo, mnyamata wamtali amene ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji.

“Aphunzitsi, apa mwaiwala.”

“Sitinaiwale, bambo. Sanalembe ameneyo. Mayi ake anamwalira m'mawa wa tsiku la masamu. Mukudziwa Asilamu sachedwetsa. Pamene ife timagawa mapepala, iwo anali kale pamsewu wa ku Mangochi. Madzulo ake n'kuti ataika.”

“Ndiye zikatero mumatani?”

“Timangowonkhetsa zimene zilipozo, n'kugawa ndi maphunziro onse.”

“Ndiye kuti mwamupatsa ziro.”

“Ayi, bambo, ziro sitinamupatse. Ndani angapatse ziro mwana wamasiye? Tangowonkhetsa.”

Sankanama. Ziroyo palibe anamulemba. Ankangolowa yekha pakati pa kuwonkhetsa ndi kugawa, ndipo zinali chomwecho kuyambira pamene sukulu inatsegulidwa. Ndinayesa papepala kuona kumene mtsikanayo angagwere ndi ziro ameneyu. Anagwera m'gulu la otionana nawonso.

Bambo ake ndinkawadziwa. Anali telala wa pakhonde pafupi ndi msika, amene anatisokera yunifolomu ya kwaya ndipo sanalakwitse mkono ngakhale umodzi. Poona kuti ndimayenda ndi buku lopatulika m'khwapa, ankanditcha abusa. Za maliro sindinamve, choncho Loweruka ndinapita kukapepesa.

“Abusa opanda kolala,” anatero osakweza mutu pamakina. “Mwanenepanso, kapena thalauza ndi imene yafota?”

“Ndabwera kudzapepesa, achimwene. Sindinamve msanga.”

Anaimitsa phazi n'kundikokera kampando.

“Mukanamva bwanji? Inu mumasunga munthu mpaka a ku Joni afike. Ife dzuwa lisalowe. Zonse n'za Mulungu, abusa. Zikomo pobwera.”

Ndinakhala pakampandopo. Kenaka anayamba okha. Anati kwawo mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume ake a mtsikanayo anali atanena kuti abwerere kumudzi, asamavutike m'tauni wopanda mayi. Telala anachonderera kuti atsirize kaye pulayimale kuno. Anagwirizana pakuti akakhoza atsala, akalephera apita.

“Ndipo sakufuna zomva kwa ine,” anatero. “Ati abwera okha tsiku lotsekera, adzamve ndi makutu awo. Masamu sanalembe mwanayu. Ndatsala naye yekha m'nyumba muja.”

Anapondanso makina. Sanandipemphe kanthu, ndipo sankadziwa n'komwe kuti malikisi a sukuluyo ali m'manja mwanga.

Pobwerera ndinkaganiza za wophunzira uja amene kunalibe pamene Ambuye anaonekera kwa anzake atauka kwa akufa. Ife timamutcha wokayika, ndipo alaliki amupindulira nawo maulaliki ambiri. Koma poyamba penipeni iye anangokhala kuti kunalibe. Ambuye sanamuwonkhetse pamodzi ndi osakhulupirira. Anabweranso, n'kumupatsa mpata wake.

Sabata yotsekera itafika, ahedi anandiitanitsa. Kompyuta ya sukulu inkakhala mu ofesi yawo, yofunditsidwa chitenje chifukwa cha fumbi.

“Bambo, Lachisanu tikutseka. Malipoti ali kuti?”

“Kompyuta ikukana, Amayi.”

Zinali zoona, ndipo ndikanasiyira pomwepo akanakhulupirira, pakuti makina ankawaopa monga ankaopera njoka. Koma nkhani ya mwamuna ndi mkazi aja a m'buku lopatulika, amene anabweretsa gawo la ndalama n'kunena kuti ndi zonse, mathero ake ndimawadziwa. Choncho ndinawauza zonse: kuti pali malo amodzi opanda kanthu, kuti ndi a mwana wa telala, kuti kompaila siilola kuyesa popanda kanthu ngati nambala, ndiponso kuti njira yoikakamiza ilipo, bola munthu alembe yekha nambala yolowa pamalopo.

“Ndiye ikani ziroyo tithane nazo.”

Ndinalemba mzerewo wonse, n'kusiya pamalo a nambala pokha. Kenaka ndinadzuka pampando n'kuwatembenuzira kiyibodi.

“Malo ake ndi awa, Amayi. Batani la ziro ndi ili. Sukulu ndi yanu.”

“Mwayamba mwano?”

“Ayi, Amayi. Ine ndangosungitsidwa luso.”

Anandiyang'ana monga amayang'anira munthu wa besi akalowa msanga m'nyimbo. Kenaka anakhala pampando, navala magalasi, natambasula chala chimodzi. Chalacho chinaima pamwamba pa batani.

“Chiyambireni sukulu ino sindinapatsepo ziro mwana wofedwa.”

“Ankadzilemba yekha, Amayi.”

“Nanga iyi bwanji siikudzilembera yokha?”

“Anaipanga kuti isamachite zimenezo mwakachetechete.”

“Anaipanga ndi a mpingo wanji?”

“Sindikudziwa, Amayi.”

Chala chinakhalabe m'malere. Panja ana ankasesa bwalo, ndipo fumbi linkalowa pazenera. M'mtima ndinkapemphera, koma nkhope ndinaisiya ya munthu wa makompyuta. Pomaliza anapinda chalacho, navula magalasi, n'kutuma mwana kukaitana aphunzitsi a tayi aja.

“Mukonze mafunso a masamu. Mwana wa telala alemba mawa, muno.”

“Madamu, anzake anamuuza kale mafunso onse.”

“N'chifukwa chake ndati mukonze. Sindinati mufotokope.”

“Nanga chaka chamawa aliyense akadzati kunali maliro?”

“Maliro amabisika ku Kawale? Mufuna mundiuze zimenezo?”

Aphunzitsi anakonza tayi yawo n'kutuluka.

Mtsikanayo analemba m'mawa mwake, atavala mpango kumutu, pa tebulo la ahedi, pambali pa kompyuta yofunditsidwa. Anali wamng'ono thupi, ndipo ankawerengera zala pansi pa tebulo. Palibe anamuchitira chifundo pa mafunso. Aphunzitsi aja anawakonza ali okwiya, ndipo zinkaoneka. Atachonga, malikisi ake anangodutsa theka pang'ono. Sanali mwana wa masamu, ndipo sabata zimenezo sanagwire buku. Koma inali nambala yake.

Ndinailowetsa pamalo paja, ndinafufuta mzere wodikira ziro uja, n'kubwezeretsa wanga woyamba. Kompaila inakananso, ndi mawu omwe aja. Poyamba ndinadabwa, kenaka ndinakumbukira kuti iyo siiyang'ana zimene zili m'malo lero. Imayang'ana mtundu. Malo a mwina ndi a mwina ndithu, ngakhale lero adzaze onse, chifukwa chaka chamawa kulinso ana ndipo kulinso maliro. Ndinalemba njira yaitali: pulogalamu iyambe yafunsa ngati malikisi alipo. Ngati alipo, iwonkhetse. Ngati palibe, isasanje kalasi imeneyo, ionetse dzina la mwanayo ndi mawu akuti sanalembe, idikire ahedi. Kompaila inawerenga, ndipo siinanene kanthu. Umo ndi mmene imavomerera.

Lachisanu ndinapempha kuntchito n'kupita kukakhala pansi pa mango pamodzi ndi makolo. Telala anakhala chakumapeto, atatseka makina ake tsiku la malonda. Pambali pake panali bambo wina wowonda, wovala mkanjo woyera ndi kachipewa, atagwira ambulera yopinda pakati pa maondo. Awo ndiwo anali amalume.

Ahedi anafika pa Sitandade 7. Nambala wani ananyamulidwa. Nambala thu anapatsidwa paketi ya mabisiketi. Mayina anapitirira kutsika, nthungululu zikuchepa, mpaka tinafika pamene makolo amangowomba m'manja kawiri n'kuyamba kuyang'ana pansi. Telala anali atavula chipewa n'kumachipinda. Ine ndinkadziwa pamene dzinalo lili, koma ndinatcherabe khutu, chifukwa kudziwa ndi kwina, kumva ndi kwina.

Linatchulidwa chakumapeto kwenikweni kwa okhoza, patatsala mayina ochepa kuti ahedi apume. Mtsikanayo anaimirira. Pamenepo mayi amayenera kuthamanga ndi nthungululu. Amuna saimba nthungululu, choncho telala ndi amalume anangokhala. Bwalo linati zii, ndipo mwanayo anaima padzuwa osadziwa ngati apite kutsogolo kapena akhale pansi.

Ahedi anatsitsa pepala, naika dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu iwo eni ali pakhonde pomwepo. Inali yotsika, ya munthu wa alito, ndipo inatenga nthawi. Amayi a pansi pa mango anailandira. Atatha ahedi anakweza pepala n'kupitiriza ndi dzina lotsatira ngati kuti sipanachitike kanthu.

Mwambo utatha, mtsikanayo anabweretsa lipoti lake n'kugwada pamaso pa amalume ake. Iwo analiwerenga pang'onopang'ono ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso pakati. Telala ankayang'ana nkhope yawo. Amalume anapinda lipotilo, nalipereka kwa telala, natenga ambulera yawo.

“Atsale,” anatero. “Koma masamu akewa ngoipa, alamu. Muziwayang'ana.”