Dzanja la a Teleza Silinapume Ntchito

A Teleza ndi azakhali anga, ndipo ndinawapempha chilolezo ndisanalembe izi. Anavomera, koma anati ndisatchule zaka zawo. Choncho ndingonena kuti anayamba kuthyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo ali mtsikana, ndipo anasiya imvi zitayamba kusuzumira kunsi kwa duku.

Kwa amene sanaonepo ntchitoyi, ndifotokoze pang'ono. Wothyola tiyi amabereka dengu kumsana. Manja onse awiri amayenda pamwamba pa tiyi, ndipo dzanja likadzaza amaponya masambawo kumbuyo kudzera paphewa, osacheuka. Wocheukacheuka amatsalira pamzere, kapitawo n'kumukalipira. Azakhali sankacheuka.

Atapuma ntchito anabweza nyumba ya esiteti n'kukakhala kwa Nchilamwela, pamalo amene malemu amuna awo anasiya. Nyumba ndi yabwino. Khitchini ndiye vuto. Sindikufuna kukokomeza, koma munthu akakhala pakati n'kutambasula manja amakhudza makoma onse awiri. M'menemo munali mbaula, thumba la makala, mtondo, ndowa, mapoto, mbale ndi chitsa chokhalira, zonse pansi. Polowa munthu ankasankha poponda ngati akuwoloka mtsinje pamiyala.

Ndiye panalinso vuto la dzanja. Thupi linapuma ntchito, koma dzanja uthengawo silinaulandire. Azakhali akamaphika uku akucheza, chilichonse chimene athana nacho chinkadutsa paphewa: mthiko, supuni, machesi, anyezi wotsala. Kumbuyo kwawo kunkakhala mulu. Ine ndinalandirapo chipande pamphumi, ngakhale ndiyenera kunena kuti sichinali chotentha.

Mwana wawo Winston, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anaganiza kuti mankhwala ake ndi kabati. Anabwera nayo yamagalasi, yokongola ndithu. Inalowa cham'mbali, n'kudya pafupifupi theka la khitchini, ndipo malo okhawo amene inakwana anali kumbuyo kwa chitsa. Azakhali anathokoza, anamuphikira tiyi, anayamba kumusimbira za maliro a ku Thekerani. Nkhani itafika pokoma, kapu yachitsulo inanyamuka. Galasi lonse phwaa.

Winston anatola kapuyo pakati pa magalasi osweka.

"Amayi, izi si bwino. Lero ndi kapu, mawa ukhala mpeni. Ndikabweranso n'kupeza khitchini ili chonchi, mukwera galimoto, mukakhala kwathu."

"Ndikakhale m'nyumba ya mpongozi, ine? Ndizikapempha mchere?"

"Mukapuma bwino."

"Ndinapuma kale. Waona mmene kwathera."

Winston sanaseke. Azakhali anadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo anaopa. Kuno ali ndi nthochi zawo, mpingo wawo, manda a amuna awo, komanso a Fainess.

A Fainess amakhala nyumba yoyandikana. Anathyola tiyi limodzi ndi azakhali pamizere yoyandikana, ndipo akhala akunyozana kuyambira pamenepo.

"Amnzanga, dzanja lanulo tilimange," anatero a Fainess.

Anamanga chigongono chamanja kuthupi ndi chitenje. Lamanzere linatenga ntchito yonse. Anamanga onse awiri. Azakhali anatakasa ndiwo atawerama ngati akupemphera, kenako supuni inanyamuka ndi zala zokha, n'kukagwera m'ndowa ya madzi akumwa.

"Musamalankhule pophika basi," anatero a Fainess. "Dzanjali limathawa pakamwa pakatseguka."

"Inuyo ndiye muzikhala kwanu."

"Ndikhale kwathu, ndiye mbiri ya m'mudzi muno muziimva kwa nkhuku?"

Anayesa kuphika ali chete. Zinatheka mpaka pamene azakhali anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Sefa inatuluka pakhomo.

Tsiku lina anatulutsa katundu yense kuti aone ngati angamuikenso mwanzeru. Kabati yopanda galasi anaikokera pabalaza. Pansi pa mulu anapeza dengu lakale lothyolera tiyi, limene kapitawo anawalola kutenga chifukwa linali litabooka. Linalibe poliika, choncho a Fainess analikoloweka pa msomali umene unali kale pakhoma, kumbuyo kwa chitsa. Sanaganize chilichonse. Ndawafunsa kawiri, ndipo ulendo woyamba anavomera kuti sanaganize chilichonse. Ulendo wachiwiri anati anali ataziona kale m'maloto.

Madzulo ake azakhali anaphika akukangana ndi a Fainess za amene ankadzaza dengu msanga pa utsikana wawo. Atatha kudya anafuna kutola mulu wa masiku onse. Pansi panalibe kanthu. Mthiko, chipande, machesi, zonse zinali m'dengu.

A Fainess anakatenga dengu lawo lakale, analikhomera mbali inayo. Kuyambira pamenepo dzanja lamanja limaponya ziwiya m'dengu lamanja, lamanzere limaponya anyezi, mbatata ndi mapaketi a mchere m'dengu lamanzere. Mapoto anakwera pamisomali, mtondo unapita pakhonde. Mpeni anaumangirira chingwe chachifupi kumwendo wa mbaula, moti ukanyamuka umabwerera panjira. Mbale zosachedwa kusweka zimakhala m'kabati pabalaza. Mazira amasungidwa kwa a Fainess, ndipo pa nkhani ya kuchuluka kwa mazira amene amabwerako sindinenapo kanthu, chifukwa mbali ziwirizi sizigwirizana.

Winston anabwera atachotsa kale katundu kumpando wakumbuyo wa galimoto. Analowa m'khitchini osasankha poponda. Anayang'ana pansi, anayang'ana m'mwamba, anasuzumira m'madengu.

"Mwakonza bwino. Koma dzanjalo lasiya?"

"Lasiya kalekale," anatero azakhali.

"Lasiyiratu," anatero a Fainess ali pakhomo. "Tinalipempherera."

"Tandigwirirani kiyiyu, ndione ngati misomaliyi ndi yolimba."

Azakhali analandira kiyi wa galimoto, anakhala pachitsa, anamufumbata ndi manja awiri ngati mwanapiye. Winston anagwedeza msomali uliwonse.

"Komabe amayi, kukhala nokha kuno..."

"Ndekha bwanji? Iwe unabadwira m'nyumba ya esiteti ya chipinda chimodzi, ndinkakusiya pansi pa mtengo ndi botolo la phala, ine ndili pamzere, mvula ili pamsana, ndiye lero undiuze kuti..."

Kiyi ananyamuka. Anadutsa pafupi ndi khutu la Winston n'kugwera m'dengu lamanja, pakati pa masupuni.

Onse atatu anayang'ana dengulo.

"Walowa koyenera," anatero a Fainess. "N'chitsulo."

Winston anatola kiyi wake. "Mwaona? Silinasiye. Tiyeni mukalongedze."

"Atengeni ndithu, bambo, ife tipumeko," anatero a Fainess. "Koma tandiuzani. Kwanuko adzikakhala pati?"

"Pabalaza, pa sofa. Joan wakonza kale malo." Joan ndi mkazi wake.

"Nanga kumbuyo kwa sofayo kuli chiyani?"

"Windo. Ndi kabati ya Joan ya mbale za ukwati."

"Yamagalasi?"

Winston anayang'ana dzanja la mayi ake, limene panthawiyo linali litagwira kale mbatata. Anasuntha pang'ono kuchoka kumbuyo kwawo.

"Mwina tidikire kaye mvula ithe," anatero.

Unali mwezi wa Ogasiti, kunja fumbi lokhalokha. Palibe anamukumbutsa. Anabwerera yekha, kumpando wakumbuyo kuli mkoko wa nthochi.

Azakhali adakali kwa Nchilamwela. Nditawawerengera zimene ndalembazi anati zonse n'zoona, kupatula za chipande, zimene akuti ndinaziyamba ndine poima malo olakwika. Ndavomereza. Mukapita kukawaona mulowe momasuka, malo alipo tsopano, koma mukhale kutsogolo kwawo.