Mtsinje Sudziwa Kusayina

Nkhani iyi ndikulembera inu amene masiku ano mumadzuka m'mawa osadziwa chimene mwadzukira.

Mayi wina ankagona m'chipinda chosungiramo katundu kunyumba kwa achimwene ake, pakati pa njinga yakutha ndi matumba a simenti youma. Sankatuluka. Ngakhale kukagula sopo pagolosale ankaopa, poganiza kuti wina amuzindikira nkhope.

Mayiyu anali injiniya. Miyezi yochepa m'mbuyomo ankayang'anira ntchito yomanga mlatho waukulu wa njanji, ndipo anthu mazanamazana ovala zipewa zolimba ankadikira mawu ake.

Iye ndi amene anaumiriza mabwana kuti kampani igule pulogalamu ya nzeru zochita kupanga, imene ambiri amangoti AI. Pulogalamuyo inkalandira zonse: kuchuluka kwa simenti ndi zitsulo, maulendo a magalimoto, zanyengo. Ikatero inkanena chimene chiyenera kuchitika mawa ndi mkucha. Ndipo inkathandizadi. Magalimoto anasiya kuima pamzere tsiku lonse, zitsulo zinkafika pa nthawi yake. Antchito anaipatsa dzina loti Mlosi.

"Bwana, tafunsirani kwa Mlosi ngati mkazi wanga anditsekulire chitseko lero," ankatero woyendetsa makina okumba, bambo wanthabwala amene ankaimba ali pantchito.

Nyengo ya mvula itayandikira, ntchito inali itatsalira. Eni mlatho ankaimba foni m'mawa ndi madzulo. Panatsala kukumba maziko a chipilala chapakati, mkati mwa mtsinje, kuseri kwa khoma la zitsulo lotchinga madzi. Kumapiri kunali mitambo yakuda bii. Injiniya anafunsa Mlosi, ndipo Mlosi anati madzi sakwera mpaka sabata yamawa. Anayang'ana mitambo, anayang'ananso pakompyuta, n'kusayina kuti anthu atsikire m'dzenjemo.

Pamalo a ntchito sipanagwe ngakhale dontho. Mvula inagwa kumtunda. Masana dzuwa likuswa mtengo, madzi anafika ofiira, atanyamula mitengo, ndipo khoma lija linapindika ngati chitini. Ena anathawira pamakwerero. Woyendetsa makina okumba uja sanathe kutuluka. Anakamupeza kumunsi, m'bango.

Pa kafukufuku, ogulitsa pulogalamu anati iwo amangopereka malangizo. Mabwana anati iwo sanali pamalopo. Papepala panali dzina limodzi lokha. Ntchito inatha, chiphaso cha uinjiniya chinalandidwa, nyumba ya kampani anauzidwa kuti atulukemo. Mwamuna wake anati akupita kwawo kukapuma pang'ono mpaka nkhani izizire. Sanabwerenso.

Achimwene ake, munthu wofatsa amene ankakonza mawayilesi ndi ma TV, ankamubweretsera chakudya n'kukhala pa thumba la simenti.

"Chemwali, idyani. Mutha ngati sopo."

"Achimwene, ine ndinapha munthu."

"Simunaphe ndinu. Mtsinje ndiwo unapha."

"Mtsinje sudziwa kusayina," anatero iye, n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lina mlamu wake anagogoda n'kunena kuti panja pali mlendo. Anali mkazi wa malemu uja, mwana ali kumbuyo. Injiniya anatuluka atakonzeka kutukwanidwa. Koma mayiyo anakhala pakhonde mwaulemu, n'kukonza nsalu yake.

"Mayi, ndayenda m'maofesi onse. Aliyense akungondizungulira. Akuti ndi kompyuta. Ndiye ndati ndifunse inu amene munkaigwiritsa ntchito. Inalakwitsa pati?"

Kwa nthawi yonse ija injiniya ankatamanda Mlosi m'misonkhano, koma sankadziwa mmene Mlosi amafikira pa yankho lake.

"Sindikudziwa," anatero.

"Nanunso?" Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti bambo a mwanayu anafa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa chifukwa chake. Mawa afa mwamuna wa wina." Anaimirira. "Sindinabwere kudzakukhululukirani. Mwina sindidzatha. Ndimangofuna chokamuuza mwanayu akadzakula."

Musaganize kuti injiniya anadzuka chifukwa cha chiyembekezo. Chinamudzutsa ndi manyazi.

Anabwereka laputopu yakale ya mlamu wake, imene inkazima yokha ikatentha, n'kuyamba kuphunzira pa intaneti mmene mapulogalamu otere amaphunzirira. Masamu ambiri anali atawaiwala. Mayeso oyamba analephera, achiwirinso chimodzimodzi. Ankawerenga tsamba limodzi mpaka maso kuwawa, osamva kanthu, n'kuyambiranso.

Patapita miyezi yambiri anapeza yankho, ndipo yankholo linamupweteka kuposa umbuli uja. Mlosi anaphunzitsidwa ndi mitsinje ya kumayiko ena, yodzaza pang'onopang'ono, yokhala ndi zida zoyezera madzi paliponse. Mtsinje wawo unalibe chida chilichonse kumtunda. Mlosi ankangolingalira. Ndipo pakona pa kompyuta panali kabatani kakang'ono kosonyeza ngati pulogalamuyo ikukayikira yankho lake. Tsiku lija inkakayikira kwambiri. Iye anali asanakadinepo kabatani kameneko.

Anabwereranso pamphasa, ndipo anakhala masiku ambiri osalankhula ndi munthu.

Komabe yankholo linali ndi mwini wake. Anakwera basi, anafunsa njira mpaka kupeza nyumba ya mayi wamasiye uja, ndipo ataima pakhomo anafotokoza zonse, osabisa za kabatani. Mayiyo anamvetsera mpaka pamapeto.

"Zikomo, ndamva," anatero, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Kenako inayamba ntchito yofuna ntchito. Kulikonse kumene ankapita, mbiri yake inali itafika kale. Pa ofesi ina, bwana anayang'ana mapepala ake n'kufunsa, "Si inu aja munamiza munthu?" Anawabweza mapepalawo osawerenga.

Amene anamulandira anali mkulu wina wokalamba, mwini kampani yaing'ono yokumba ngalande m'misewu ya m'tauni. Anthu ankamutchula kuti a Chipewa, chifukwa palibe amene anaonapo dazi lawo.

"Mayi, kuno kulibe kompyuta," anatero a Chipewa. "Mlosi wathu ndi bondo langali. Likayamba kuwawa, timachotsa zida m'ngalande."

Anamupatsa tepi yoyezera ndi jombo zazikulu. Mayi amene ankamanga mlatho wa njanji tsopano ankaima m'matope onunkha, akuyeza kuya kwa ngalande, anthu odutsa akumuponyera makoko a nthochi pafupi ndi mapazi. Tsiku lina ali pamthunzi wa sitolo, anaona pa TV mlatho uja ukutsegulidwa. Anaumaliza ndi ena. Anthu ankavina, akuluakulu ankadula riboni, ndipo dzina la woyendetsa makina okumba silinatchulidwe. Analowanso m'ngalande kuti anzake asaone misozi.

Sanasiye kuphunzira. Anagula tizida totchipa toyezera madzi, achimwene ake n'kumuthandiza kulumikiza mawaya pa benchi yawo yokonzera mawayilesi. Anatiika m'ngalande za a Chipewa, ndipo anapanga kapulogalamu kake kochenjeza madzi akamakwera. Kachida kena kanabedwa, kena kanakokoloka. Kapulogalamuko kanalakwitsa kangapo, a Chipewa n'kumaseka kuti bondo lawo likadali patsogolo. Koma chaka ndi chaka kanayamba kulondola, ndipo kakakhala kosatsimikiza kankanena poyera ndi zilembo zazikulu.

Ndi m'nthawi imeneyi pamene achimwene ake anadwala. Matendawo sanatenge nthawi. Munthu yekhayo amene sanasiye kumutchula kuti injiniya anamwalira chiphaso chija chisanabwezedwe. Pamene kalata yomubwezera chiphaso inafika, anaiwerenga ataima pakhomo, ndipo analibe woti amuonetse.

Patapita zaka, kampani ina inayamba kumanga damu lalikulu, ndipo inkafuna munthu woti atsogolere kagwiritsidwe ntchito ka AI pa ntchito yonseyo. A Chipewa ndi amene anamukankha. "Pitani, mayi. Ngalande zanga zakucheperani."

Pa mafunso sanadikire kuti amufunse za mtsinje uja. Anayamba yekha kufotokoza, kuchokera pa mitambo mpaka pa bango.

"Ndiye tikukhulupirireni chifukwa chiyani?" anafunsa wapampando.

"Ena onse amene mwawafunsa lero akudziwa zimene makinawa amatha kuchita, bwana. Ine ndikudziwanso pamene amathera. Ndinaonapo munthu akuikidwa m'manda chifukwa sindinkadziwa."

Sanamupatse udindo wapamwamba nthawi yomweyo. Anayamba ngati wachiwiri, aliyense akumuyang'anitsitsa. Choyamba anakwera kumapiri kukaika zida zoyezera mvula ndi madzi. Anaphunzitsa akapitawo onse kufunsa pulogalamu osati yankho lokha, komanso kuti ikutsimikiza bwanji. Ndipo anauza antchito kuti aliyense, ngakhale wokankha wilibala, ali ndi ufulu woimitsa ntchito akaona choopsa.

Ulendo wina anatulutsa anthu onse m'dzenje la maziko chifukwa pulogalamu inkakayikira. Madzi sanabwere. Ntchito inaima tsiku lathunthu pachabe, mabwana anakalipa, ena ankanong'onezana kuti mayiyu mantha anamulowa m'mafupa. Anapirira. Chaka chotsatira, pulogalamu yomweyo inaona kuti phiri la m'mbali mwa damu likusuntha pang'onopang'ono, chinthu chimene diso la munthu silikanaona. Anachotsa anthu ndi magalimoto, ndipo phirilo litagumuka linakwirira msewu wopanda munthu.

Lero mayiyu ndi amene akuyang'anira ntchito yonse ya damulo, ndipo makampani ena amatumiza mainjiniya awo kudzaphunzira kwa iye.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera mwakale, chifukwa kukanakhala kukunamizani. Banja lake linatha. Tsitsi lake linachita imvi nthawi isanakwane. Mitambo ikayamba kuda, chakudya chimamukanika. Pali zinthu zina zimene munthu sazikonza, amangophunzira kuyenda atazisenza.

Mwina inunso muli m'chipinda chanu chamdima, ndipo chimene chinakugwetsani si tsoka chabe, koma dzanja lanu lomwe. Mwina amene munawalakwira sadzakukhululukirani. Ngakhale zili choncho, dzukani. Funsani pamene munalakwitsa, pirirani yankho lake, ndipo landirani ntchito yonyozeka imene ilipo lero. Kutsogoloku kuli anthu amene adzafika kwawo amoyo chifukwa cha zimene inu mwaphunzira mukulira.

Mtima ulemere bwanji, osautaya.