A Biswick Aperekeza Mlendo Mpaka ku China

Alamu anga, a Biswick Chimbalanga, anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ku Dedza asanabwere kuno ku London. Ndi ang'ono awo a malemu amuna anga, a Felton. Amuna anga atamwalira, a Biswick ndi akazi awo, a Glory, ananditenga kuti ndizikhala nawo m'fulati yawo ku Barking, ndipo ndili komweko mpaka lero. Ine sindilankhulalankhula. Malo anga ndi kumapeto kwa tebulo, ndipo zambiri zimene ndalemba pano ndinaziona ndili pamenepo.

Kuno a Biswick sanagwirepo choko. Satifiketi yawo ya kwathu sinawalowetse m'kalasi, ndiye anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Ilford. Anaigwira zaka zambiri osadandaula: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi. Koma uphunzitsi sunawachoke. Masana ankawerengera okalambawo nyuzipepala, akamaliza n'kuipinda, n'kuyamba kuwafunsa ngati ana a Fomu 2 kuti nduna ija inakana chifukwa chiyani, ndipo mwadziwira pati.

Kenaka msana unayamba kuvuta. Dokotala sanabise mawu: zonyamula anthu zithe. Munthu wa imvi, m'dziko la eni, akayambira pati? Masiku amenewo alamu ankadya mwakachetechete, ndipo nthabwala zinathawa m'nyumba.

Mmodzi wa okalamba aja anali bambo wa ku China, ndipo mwana wawo wamkazi, Stephanie Lin, anawamvapo alamu akufunsa mafunso awo aja. Stephanie ali ndi kampani yaing'ono pamwamba pa sitolo ina ku Ilford komweko. Amalemba nkhani zifupizifupi za m'Chingerezi, iliyonse ndi mafunso ake m'munsi, zoti ana a sekondale ku China aziyesererapo kuwerenga ndi kumvetsa asanalembe mayeso aakulu olowera ku yunivesite. Mwana amawerenga nkhani, kenaka pa funso lililonse amasankha yankho loona pakati pa mayankho anayi. Stephanie ankafuna mlembi wina, ndipo anauza alamu kuti alembe zingapo aone.

Anazilemba ndi mtima wonse. Ina inali ya wotchi yaikulu ya pakati pa mzinda, ina ya mmene Angerezi amamwera tiyi, ina ya chisanu. Iliyonse ankayamba kundipatsa ine, poti sukulu yanga inathera pa Fomu 2 ndipo ankati ndikaimva ine, mwana aliyense aimva. Mafunso ndinkakhoza onse. Koma ndikadzuka kukatsuka mbale, nkhaniyo inkakhala itandichoka kale m'mutu.

"Mwaiona bwanji, alamu?"

"Ili bwino."

"Ili bwino ya chilungamo, kapena ili bwino ya chilamu?"

A Glory, amene ndi namwino ndipo sadziwa kuzungulira, anayankha ali pa sinki. Iwo amaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Inu bambo a Atikonda, wotchi imeneyo munaionapo kangati? Si mumangoidutsa pansi pa nthaka muli m'sitima, mukuwodzera?"

Loweruka lina kunabwera mlendo. Anali Andrew, Mngerezi wamtali wamanyazi amene amakonza nkhani zonse pakampanipo zisanatumizidwe. Anabwera yekha kudzafotokoza chifukwa chimene nkhani za alamu zinakanidwira. Anati Chingerezi chawo chilibe banga, koma nkhani za mtundu umenewo zilipo zambirimbiri. Ana a ku China awerenga za wotchiyo kuyambira ku pulayimale, moti sawerenganso. Amayamba kuona funso, n'kuthamangira kusaka mawu ofanana nalo m'nkhani, n'kuchonga. Stephanie ankafuna nkhani yoti mwana aiwerenge yonse. Anawapatsa mwayi umodzi wotsiriza: alembe nkhani imodzi, ikayesedwe m'kalasi lenileni ku China. Ikayenda, ntchito ndi yawo. Ikakanika, basi.

Atamwa tiyi, Andrew anaimirira, nagwirana chanza ndi alamu pakhomo, n'kutsanzika. Alamu anasiya kapu yawo ili theka, natenga chikwama cha mlendoyo, n'kutuluka naye atavala masilipasi. Ine ndinali ndi ulendo wa kumsika, ndiye ndinkabwera pambuyo pawo.

Pansi pa masitepe Andrew anatsanzikanso, natambasula dzanja kuti alandire chikwama. Alamu anangomwetulira n'kupitiriza kuyenda. Pokhotera msewu anatsanzika kachitatu.

"Nanunso mukupita ku siteshoni?" anafunsa Andrew.

"Ayi."

"Kusitolo?"

"Ayi, tiyeni."

Pofika pokwerera basi, makutu a Andrew anali atafiira. Anakhosomola, n'kunena motsitsa mawu kuti ngati pali chimene a Chimbalanga akufuna kupempha kuti akawanenere kwa Stephanie, iye alibe mphamvu yosintha zimene zagamulidwa.

Alamu anaima chilili. "Ine sindikupempha kanthu. Ndikungoyenda nanu."

Andrew anacheuka uku ndi uku, nayang'ana anyamata awiri amene ankadya tchipisi pabenchi. "Kodi dera lino ndi loopsa?"

Basi inafika. Alamu anapereka chikwama, naima pomwepo mpaka basiyo itakhota, kenaka anabwerera kunyumba nkhope ili yolemera. Zinawawawa kuti aganiziridwa kuti ndi wopemphapempha. Koma atafotokozera a Glory, a Glory anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mwana wa eni mwamuopseza! Ankaganiza kuti mumuthawitsira chikwama, ndi msana wanuwo!"

"Mayi a Atikonda, si zoseketsa. Mlendo ungamusiye pakhomo ngati zinyalala?"

Sindidziwa chimene chinanditsegula pakamwa tsiku limenelo. Ndinati, "Alamu, nkhani iyi yokha ndiye sindingaiwale ndikamatsuka mbale."

Alamu anatembenukira kwa ine. Kenaka anakoka kompyuta.

Nkhaniyo anailemba mmene inachitikira, anangosintha maina. Funso lomaliza linali lakuti, mwininyumba anayenderanji ndi mlendo wake mpaka pokwerera basi? Mayankho anali awa: ankafuna kupempha thandizo, ankaopa akuba, anali ndi ulendo wa kusitolo, ankalemekeza mlendo. M'nkhani monsemo mawu akuti ulemu sanawalembe pena paliponse.

Apa ndi pamene Andrew anakanira. Anaimba foni, ndipo ndinkamva zonse poti alamu amakweza mawu a foni ngati wailesi. Anati lamulo la ntchitoyi n'lakuti yankho lizipezeka m'nkhani momwemo, osati m'mutu mwa wolemba. "Ine ndinalipo, ndipo ndinalephera," anatero akuseka mwamanyazi. "Nanga mwana wa ku China?"

Alamu anayankha kuti yankho lilimo. Mwininyumba anasiya tiyi wake ali theka. Anatuluka ndi masilipasi, wopanda chikwama cha ndalama. Sanapemphe kanthu. Basi itanyamuka anaima mpaka itabisika, n'kubwerera kunyumba. Wowerenga zonsezi alipeza yankho, koma wosaka mawu agwera m'dzenje, chifukwa mawu akuti sitolo ndi akuti kuopsa ali poyera. Andrew anawachenjeza mwachifundo kuti mwayi ndi umodzi wokha, bwanji asinthe funsolo likhale losavuta. Alamu anakana. A Glory atamva anagwira mutu. "Ntchito ikuthawani chifukwa cha masilipasi!" Stephanie anangoti itumizidwe mmene ilili.

Tsiku loyesa nkhaniyo a Glory anali ndi shifiti, ndiye anandilamula kuti ndipite nawo alamu. Tinafika ku Ilford m'mamawa, chifukwa kuno kukamacha ku China amakhala ali masana. Alamu anavala jekete imene ankavala pa tsiku lotsekera sukulu ku Dedza. Ine ndinakhala pampando wa pafupi ndi chitseko.

Pakhoma panali sikirini yaikulu, ndipo tinaona kalasi la mumzinda wa Chengdu. Ana anali odzaza, onse atavala majekete ofanana a buluu ndi zoyera, ndipo pa desiki iliyonse mabuku anaunjikana ngati njerwa moti ena tinkangowaona tsitsi. Ambiri ankaoneka otopa. Mphunzitsi wawo, bambo Zhou, anagawa mapepala.

"Ngati ku Dedza," alamu anandinong'oneza. "Kusiyana kwake mabuku."

Kunali zii. Alamu anaika manja pamaondo. Patapita kanthawi, mnyamata wina wa kumbuyo anaseka, n'kudzitseka pakamwa. Mnzake anamugunyuza kufunsa kuti wafika pati. Kenaka kuseka kunayamba kuyenda mzere ndi mzere. Mtsikana wina amene anali atagoneka mutu pa mkono anadzuka, n'kubwerera pamwamba pa pepala kuyambiranso.

Bambo Zhou anadutsa mafunso oyamba mofulumira. Atafika pa lomaliza, anawerenga mayankho limodzi limodzi kuti ana akweze manja. Pa yankho la kupempha thandizo anakweza ochepa. Pa la akuba, mmodzi, amene anatsitsa msanga anzake atamuseka. Pa la sitolo, palibe. Atatchula la ulemu, manja anadzuka ngati chimanga cha mu Febuluwale.

Alamu anatulutsa mpweya wautali. Andrew anasendera pafupi ndi sikirini, napempha bambo Zhou kuti awafunse anawo mmene adziwira.

Mtsikana uja wogona ndi amene anaimirira. Chingerezi chake chinali choyenda pang'onopang'ono, mawu amodzi amodzi, koma chomveka. Anati munthu wopita kusitolo sasiya ndalama, ndipo woopa akuba savala masilipasi. Kenaka anamwetulira n'kuwonjezera kuti bambo ake amachita chimodzimodzi. Mlendo amati khalani, musavutike, bambo ake amati yendani pang'onopang'ono, koma uku akutsika naye masitepe onse a nyumba yosanja mpaka kumsewu. Wotseka chitseko mlendo asanabisike, anatero, amayi ake amamukalipira.

Mnyamata wa kumbuyo uja anadzuka osapatsidwa mpata. Iye anati mwininyumba wa m'nkhaniyo analakwitsa chinthu chimodzi: anamusiya mlendo apite chimanjamanja, wopanda ngakhale malalanje. Ena anamutsutsa, ena anamuvomereza, ndipo mkanganowo unkachitika m'Chingerezi chothyokathyoka, wina kuthandiza mnzake mawu. Bambo Zhou anangopinda manja akuseka. Anatiuza kuti ena mwa ana amenewa sanawamvepo akulankhula Chingerezi chaka chonse.

Kenaka mtsikana wina anafunsa ngati wolemba nkhaniyo alipo, chifukwa ankafuna kudziwa kuti kwawoko mlendo amamufikitsa pati.

Stephanie anakodola alamu. Anaimirira, namanga batani la jekete, ndipo msana umene unkawapinda miyezi yonseyi unawongoka. Anapereka moni wa masana kwa kalasi ndi mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo m'nyumba mwathu, mawu ofika kumbuyo kwa chipinda. Ana onse anayankha pamodzi. Kenaka alamu anawafotokozera kuti kwathu umamufikitsa mlendo pamphambano, koma nkhani ikakoma, iyenso amakubwezako pang'ono, iwe n'kumuperekezanso, mpaka dzuwa kukulowerani muli pakati pa njira. Kalasi lonse linafa ndi phwete. Alamu anawafunsa funso lina la pakamwa lochokera m'nkhaniyo, ndipo manja anadzukanso.

Ine ndinakumbukira chaka chimene a Felton anatisiya, ndisanasamukire kwa alamu. Lamlungu lililonse ndikadya kwawo, ankayenda nane mpaka pokwerera basi, osalankhula zambiri, n'kuima mpaka basi itakhota. Ndinapukuta m'maso ndi mpango mwakabisira.

Sikirini itazimitsidwa, Stephanie anati bambo ake, ngakhale amayenda ndi chogwirira, amamufikitsabe pa chitseko chachikulu cha nyumba ya okalamba tsiku lililonse akapita kukawaona. Mwambowo ankadziwa kuti ana aumva. Chimene ankafuna kuona n'chakuti kodi awerenga mpaka kumapeto. "Awerenga," anatero. "Muyambe Lolemba, aphunzitsi."

Andrew anawagwira chanza ndi manja awiri, akuseka kuti m'nkhani yotsatira asamuikemonso. Titatsanzika, tinadabwa kumuona akuvala jekete. Analanda chikwama cha alamu, n'kutsika nafe masitepe. Anayenda nafe kudutsa masitolo onse mpaka pokwerera basi ya ku Barking, n'kufunsa mosamala ngati apa ndi pobwererera.

"Ayi, bwana," anatero alamu. "Mumaima mpaka titabisika."

Tinakwera, tinakhala pampando wa kumbuyo, n'kucheuka. Andrew anali chiimire pakati pa anthu othamangira kuntchito, ena akumugunda mapewa, iye dzanja lili m'mwamba. Basi inachedwa pa maloboti, iye osasuntha, dzanja likadali m'mwamba, nkhope ikufunsa ngati zakwana.

Alamu anaimbira foni a Glory tili m'basi momwemo.

"Mayi a Atikonda, mukulankhula ndi mphunzitsi."

Mfuu wa a Glory unamveka basi yonse, moti mayi wina wa kutsogolo anatembenuka. Alamu atawafotokozera zonse za m'kalasi muja, a Glory anati, "Ndiye masilipasi aja musawataye. Koma malalanje, bambo, mwana uja wanena zoona. Munatichititsa manyazi."

Masiku ano alamu amalemba pa tebulo lathu lomweli, atatsamira pilo. Ku nyumba ya okalamba amapitabe kamodzikamodzi kukawerengera bambo a Stephanie nyuzipepala. Nkhani iliyonse yatsopano amayamba kundipatsa ine, koma mafunso sandifunsanso nthawi yomweyo. Amadikira nditsuke kaye mbale.