Tinamuika Popanda Zithunzi za Ubongo Wake

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba mu Okutobala zaka ziwiri zapitazo, yachiwiri nthawi yokolola, yachitatu mng'ono wanga atasiya kuyenda. Makope ake onse ndili nawo. Funso linali limodzi: anthu a kafukufuku amene anamutengera ku Blantyre kukajambula ubongo wake anaonamo chiyani? Anandiyankha kamodzi, pakamwa, kuti zotsatira amauza mwini wake yekha. Mwini wakeyo tamuika Loweruka.

Tsikulo ndinadzuka kusanache. Kunali chiperoni, phiri losaoneka. Amayi a mvano anali atasasa mawu ndi nyimbo, adzukulu atapita kale kumanda. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unadzaza bwalo. Anzake a malemu amene ankathyola nawo tiyi anabwera wapansi, atafunda mapepala a pulasitiki. Achibale athu a ku Mozambique anafika pa njinga, ndipo anakana kudya chilichonse chophikidwa pakhomo pa mlamu wanga, mkazi wa malemuyo.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Munthu wamanja amphamvu anayamba kunjenjemera mpaka kulephera kugwira kapu, nkhope n'kuuma, mapazi n'kumakwakwaza pansi. Achibalewo ankati mkaziyo anamudyetsa mankhwala. Chonsecho ndi yemweyo amene anamusamalira zaka zisanu, kumusambitsa ndi kumutembenuza.

Tikuti tinyamule bokosi, galimoto yoyera inaima pa masamba amene tinayala pamsewu. Ndinaizindikira, ndipo mumtima ndinati atimvera. Munatuluka mtsikana wa kafukufuku, fayilo ili m'manja. Anabwera kudzatenga wodwala wawo kuti akamujambulenso. Uthenga wa maliro ndinali nditawatumizira Lachinayi.

Anabwereka chitenje, n'kukagwada pamaso pa mlamu. Atadzuka ndinamutengera pambali.

"Mwana wanga, ukaime pamanda unene kuti awa ndi matenda."

"Bambo, ndi matenda ndithu. Koma ine sindiloledwa, oyankhula ndi adokotala."

"Pomulowetsa m'chimakina chija munaloledwa bwanji?"



Tinayenda pang'onopang'ono, njira inali yoterera. Mlamu ankayenda kumbuyo kwa bokosi atagwiriridwa ndi amayi a kutchalitchi. Wa kuchimuna panalibe ndi mmodzi yemwe pambali pake. Pamanda mawu a banja ndinalankhula ine. Ndinatulutsa pepala la chilolezo cha kafukufuku uja, lokhala ndi chidindo cha chala chake poti dzanja silinkagwiranso cholembera, ndipo ndinawerenga dzina la matendawo, Pakinisoni. Tikubwerera, mlongo wathu wamkulu anandiimitsa pakati pa anthu.

"Achimwene, dzinalo talimva. Nanga chithunzicho chili kuti? Munthu amajambulidwa osaona chithunzi chake?"

 Mlongoyo anati mpaka achibale ataona chimene chinali m'mutumo, mlamu sadzamusudzula.

Madzulo anthu anabalalika, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. Mlamu ndinamupeza atakhala yekha pakhonde, akupinda zovala za mwamuna wake. 

Choncho, inu akuluakulu a kafukufukuyu, ine mkulu wake wa malemu ndikupempha mwaulemu kuti dokotala mmodzi abwere kuno ku Milonde ndi zithunzizo, adzazifotokoze m'Chichewa pamaso pa mabanja onse awiri, ndiponso kuti mundiyankhe polemba. Banja likumananso mwezi ukatha. Mlandu wa mayiyu ukambidwa tsiku limenelo, inu mulipo kapena ayi.