Chisanu Chomwe Tinasiya Nyama ku Bontleng

Tabwerani kuno amwene, khalani pansi, mafoniwo muwavundikire kaye. Inenso yanga ndayika apa, mukuona. Ndili ndi nkhani.

Chomwe ndimayamba kukumbukira ndi lamba wa amalume. Lamba wakuda wa yunifolomu ya ulonda, ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko m'nyumba yathu ya lendi ku Bontleng. Bowo lomaliza linali litang'ambika ndi kukoka. Amalume anali ndi mimba, aise. Akawerama kuti amange nsapato ankapuma ngati akwera phiri la Kgale.

Tinkakhala atatu: ine, amayi, ndi amalumewo, achimwene awo a amayi. Ine ndinali ku pulayimale. Amayi ankagwira ntchito yapakhomo, amalume ankaima tsiku lonse pageti la shopu ya zipangizo zomangira. Ndiye nyama ya ku Botswana kuno mukuidziwa. Munthu anakulira ku Dedza, nyama ankaiona pa Khirisimasi, kufika kuno n'kuipeza paliponse. Ankakonda kunena kuti, "Masamba ndinadya okwanira moyo wonse, mpaka mbuzi zinkandipatsa moni."

Kenako miyendo inayamba kutupa. Pachala chachikulu panabwera kabala kosapola, kankanyowetsa sokosi. Kukiliniki anati shuga ndi bipi, anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti akapanda kusintha kadyedwe chalacho chidulidwa, mwinanso phazi. Mukudziwa zomwe anachita? Anabwera ndi mankhwala dzanja ili, nyama yonona dzanja linali. Akuti nesi wa kukilinikiyo ndi mwana, sadziwa njala.

Tsono kwathu mlongo wamng'ono sauza mwini mbumba choti adye. Sizichitika. Kuwaphikira mbale yawoyawo ngati wodwala, akanaikankhira uko.

Patapita masiku, amayi anabwera kuntchito atagwira pamimba. Anati adutsa kukiliniki, awapeza ndi zilonda zam'mimba. Nyama ayi, zamafuta ayi, ngakhale fungo lake likuwadula.

"Koma inu achimwene muzidya," anatero amayi. "Ndiziphikabe, ndizingotseka mphuno."

Amalume anati, "Muno nyama isalowenso. Ndanena ine."

Ine ndinalira, osanama. Mwana wa sukulu ku Gaborone, anzako akutsegula nkhomaliro ya soseji, iwe mbatata yophika ndi mtedza. Ndinkadyera kuseri kwa kalasi.

Chinali chisanu chija cholasa m'mafupa, cha fumbi, chomwe milomo imang'ambika. Masamba anali osowa. Amayi anapempha matayala akale kwa makaniko, anathiramo dothi ndi manyowa, n'kudzalamo mpiru ndi repu. Madzi otsukira mbale sankatayidwa, onse ankapita kumatayala. Pabasi yochokera kumudzi panabwera thumba la mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya, lonunkhira dzuwa ndi utsi. Mpaka pano ndikamva fungo la nsinjiro zikupsa mumphika, ndimaona amayi atagwada pa simenti yozizira akusinja mtedza ndi botolo, chifukwa mtondo tinalibe. M'mawa phala la mapira lopanda shuga. Madzulo khobwe, nyemba, therere, ufa wa mgaiwa. Amalume ankadya akudandaula, koma mbale ankaipukuta ndi chala. Akamaliza ankafunsa kuti, "Nanga m'mimbamo lero, achemwali?" Amayi ankati, "Pang'onopang'ono." Anawonjezanso kuti adokotala akuti aziyenda, koma akuopa kuyenda okha. Basi amalume anasiya kukwera kombi, n'kumawaperekeza wapansi m'mawa uliwonse asanakhote kupita kugeti kwawo.

Tsiku lina mayi eni nyumba, Mtswana, omwe tinkachita lendi kwawo, anabwera kuchokera ku ukwati ku Modipane ndi mbale ya seswaa, nyama ija yophika mpaka kunyenyeka. Kukana mphatso ya mwini nyumba n'zosatheka. Amalume anailandira ndi manja awiri n'kuthokoza kuti, "Ke a leboga, mma," kukhosi kukuchita gwedegwede. Mayiwo atangochoka anandipatsa mbale ija.

"Mphwanga, kadyere kuseri uko. Amako asanunkhize."

Amalumewo sanatsineko ngakhale kachidutswa. Ndili kuseri, pakamwa pali noninoni, ndinaona amayi ataima pawindo, maso ali pa mbale yanga, akumeza malovu. Ine ndinati nseru yawagwira. Ndinatembenuka kuwapatsa msana kuti asavutike, n'kumaliza yonse.

Pofika nthawi yotentha, bala lija linali litauma. Mankhwala ankamwa, kuyenda ankayenda, ndipo lamba uja anamuboola mabowo atsopano ndi msomali wotentha, mkati mwake. Chala chilipo mpaka lero, zonse khumi.

Tsono tamverani. Mwezi wathawu ndinaona kuti mathalauza ayamba kundikana, ntchito yanga ndi yokhala pansi ndi foni tsiku lonse, magwinya, mandasi a kuno aja, pambali. Mavidiyo a anthu a jimu onse akungoti idyani zamasamba, nyemba, zosakonola, ngati atulukira zachilendo. Ndinaimbira amayi, omwe pano anabwerera ku Dedza, kuti andiphunzitse kutendera mfutso. Ndinafunsanso kuti zilonda zija zinatha bwanji. Anaseka mpaka foni inagwa pamphasa.

"Zilonda ziti? Ine m'mimba mwanga simunapwetekepo. Ndipo nyama ndinkaikonda kuposa amalume ako. Ukanafuna ndiwasiye awadule mwendo?"

Ndinangoti zikomo amayi, aise. Ine nthawi yonse ija ndinkaganiza kuti m'nyumba mwathu wodwala ndi wina, wosamala ndi wina. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kudwala dala kuti mnzake achire popanda kuchita manyazi.

Amalume akadali konkuno, ku Metsimotlhabe, ali ndi kadimba kawo kuseri kwa nyumba. Nyama amadya mwa apo ndi apo, kachidutswa. Aliyense wobwera amamuuza monyadira kuti, "Mlongo wanga ndinamupulumutsa ine, ndinasiya nyama chifukwa cha iye." Loweruka likubwerali andiitana kuti tikadye nyemba, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyo aiyambanso. Amayi sanandiletse kuwauza, sanandilolenso.

Ndiye mukanakhala inu amwene, mukanawauza zoona, kapena mukanangowonjezera nyemba m'mbale n'kuvomera kuti eya amalume, munawapulumutsadi?